Kodi ndiikhudze vCenter imene yatha zaka osamatidwa chigamba?

Achemwali ena amene amayang'anira makompyuta pa bungwe lina ku Ngabu andilembera. Ali ndi maseva atatu a ESXi, pulogalamu ya kampani ya VMware yolola seva imodzi kunyamula makompyuta ambiri, ndipo pamwamba pake pali vCenter ya 6.7, pulogalamu yoyang'anira masevawo pamodzi, imene anaipeza itaikidwa kale ndi munthu amene anasiya ntchito. Pa masevawo pali ma VM (makompyuta ongopangidwa ndi pulogalamu mkati mwa seva) pafupifupi makumi awiri, kuphatikizapo ya malipiro a antchito, ya akaunti, ya mafayilo ndi ya Active Directory, yosunga maakaunti ndi mapasiwedi a Windows. Chiikireni palibe amene anamatapo chigamba (patch yokonza zolakwika za pulogalamu) ngakhale chimodzi. Abwana awo amati chinthu chikamayenda bwino sachigwiragwira, ndipo iwo eni akuopa kuti magetsi akathima ntchito ili pakati adzakhala atapha zonse. Akufunsa kuti: ndiikhudze kapena ndiisiye, nanga ndikati ndiikhudze ndiyambire pati?

Achemwali, muikhudze ndithu. Koma tsiku loikhudza lifike mutadzitsegulira kale khomo lina, loti vCenter ikakana kudzuka muzifikabe pa maseva anu. Ntchito yaikulu yagona pamenepo. Kumata chigamba kwenikweniko ndi nkhani ya ola limodzi kapena awiri.

Ndiyambe ndi kukuchotsani mantha amene alibe mutu. vCenter ili ngati kapitawo wa pa esiteti: sadula nzimbe, amangogawa ntchito ndi kusunga makiyi. Ma VM anu amakhala pa ESXi, ndipo vCenter nayo kawirikawiri imakhala VM chabe pakati pa zinzake. Mukaizimitsa, a ku akaunti apitiriza kulemba, mafayilo atseguka, malipiro akonzedwa, palibe ndi mmodzi yemwe angadziwe kuti kapitawo wachokapo. Ngakhale vSphere HA, ija imadzutsa ma VM pa seva ina seva imodzi ikafa, imagwirabe ntchito vCenter kulibe, bola inali itakonzedwa kale. Zimene zimaima ndi vMotion (yosamutsa VM ili yoyaka), DRS (yogawa yokha ma VM pa maseva), kupanga VM yatsopano kuchokera pa template, ndiponso pulogalamu ya backup ngati imalankhula ndi maseva kudzera pa vCenter, monga mmene ambiri amaikira Veeam. Ndiye kuti chigamba cha vCenter mutha kuchimata dzuwa likuswa mtengo, anthu ali pa madesiki awo. Muwauze abwana zimenezi poyambirira, chifukwa chimene chikuwadetsa nkhawa iwo n'chakuti ofesi iima.

Mantha oyenera ali pa makiyi aja. Munthu amene walowa mu vCenter walowa m'maseva onse atatu nthawi imodzi. Atha kuzimitsa VM iliyonse, kukopera disiki yonse ya Active Directory popanda kufunsidwa pasiwedi ya Windows, kufufuta ma snapshot (zithunzi za mmene VM inalili), kenako n'kutseka mafayilo a ma VM onse ndi kusiya kalata yofuna dipo. N'chifukwa chake akuba a pa intaneti amaisakasaka. Ndipo mabowo ake si achinsinsi, ali ndi manambala, analembedwa poyera. M'chaka cha 2021 chokha munatuluka CVE-2021-21972 mu Febuluwale, CVE-2021-21985 mu Meyi ndi CVE-2021-22005 mu Sepitembala. Onse atatuwa amakhudza 6.7, ndipo onse amalola munthu wongofika pa port 443 (khomo lolowera pa msakatuli) kuchita zofuna zake popanda pasiwedi. Mu Disembala chaka chomwecho kunabwera bowo lina, Log4Shell, limene linagwiranso vCenter. Mu Okutobala 2023 kunatuluka CVE-2023-34048, bowo loopsa moti VMware inatulutsa zigamba ngakhale za 6.5 ndi 6.7, mitundu imene inali itasiya kale kuisamalira. Patapita miyezi yochepa ofufuza a Mandiant analengeza kuti gulu lina linali likulowera pa bowo limenelo kuyambira kumapeto kwa 2021, eni maseva osadziwa kanthu.

Mwina abwana anena kuti, ife tili ku Ngabu kuno, angatifune ndani? Mapulogalamu amene amasaka mabowowa sadziwa Ngabu kapena London. Amangogogoda pa adiresi iliyonse motsatana. Mu Febuluwale 2023 chiwembu chotchedwa ESXiArgs chinatseka maseva a ESXi masauzande m'masiku ochepa, ambiri a iwo ku France, ndipo khomo limene ofufuza analoza linali OpenSLP pa port 427, lomwe chigamba chake chinali chitatuluka zaka ziwiri m'mbuyomo. Anthu amenewo sanagwidwe ndi chinthu chatsopano, anagwidwa ndi chigamba chimene sanamate. Ngakhale vCenter yanu isakuonekera pa intaneti, laputopu imodzi ya muofesi yotsegula kalata yoipa ikwanira, ngati laputopuyo ili pa netiweki imodzi ndi maseva.

Tsopano za kumene mukupita. VMware inasiya kusamalira 6.7 pa 15 Okutobala 2022, ndipo 7.0 nayo inasiyidwa pa 2 Okutobala 2025. Palibe nzeru yosamukira m'nyumba imene denga lake lachotsedwa kale, choncho kolowera kwanu ndi 8.0 Update 3. Apa muli ndi mwayi: vCenter 8 imalandira kukwezedwa kuchokera pa 6.7 mwachindunji, ndipo imathabe kuyang'anira ma ESXi a 6.7 pamene mukuwakweza mmodzimmodzi. Mukanakhala pa 6.5 mukanayenera kuima kaye panjira. Muonenso ngati vCenter yanuyo ili pa Windows, chifukwa 6.7 ndiyo inali yomaliza kulola zimenezo. Kuyambira pa 7.0 pali appliance yokha, VM yobwera itakonzedwa kale, yoyenda pa Photon OS, ndipo ISO yake, fayilo yoikira pulogalamuyo, ili ndi chida chosamutsira kuchoka pa Windows.

Musanatsitse ISO iliyonse, ndikufotokozereni usiku wina umene unandiphunzitsa za khomo lija. Ndinaitanidwa pa ofesi ina kuchigwa konkuno, mwezi wa Novembala, kukathandiza mnyamata amene anali yekha pa ntchito ngati inu. Tinayamba kumata chigamba cha vCenter chakumadzulo. Chili pakati magetsi anathima. UPS (bokosi la mabatire), imene pa pepala inkayenera kutisunga theka la ola, inalira kwa mphindi zochepa n'kufa, jenereta isanadzuke. Chipinda chonse chinangoti zii. Magetsi atabwera maseva anayaka, mafani akulira, nyali zobiriwira zikuphethira, koma panalibe VM ndi imodzi yomwe yoyaka. Tinati tilowe pa ESXi mwachindunji kuti tidzutse DNS (yosandutsa mayina a makompyuta kukhala ma IP) ndi vCenter. Mnyamata uja anandiyang'ana, thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti pasiwedi ya root, akaunti yaikulu ya seva, sanailembepo chiyambire ntchito, amangolowa pa vCenter ndi akaunti yake ya Windows. Mapasiwedi onse anali mu fayilo ya Excel, ndipo fayiloyo inali pa VM ya mafayilo, imene inali yozima kutsogolo kwathu pomwepo. Pasiwedi ya root ya ESXi ikasowa, vCenter kulibe, njira yovomerezeka ndi kuikanso ESXi. Tinachezera pa mipando yapulasitiki tikuimbira foni munthu amene anaika masevawo, amene anali atasamukira kutali, mpaka anayankha kutacha. Mwamwayi anaikumbukira. Chimene chinatigoneka panja usiku umenewo sichinali chigamba, ngakhalenso magetsi. Kiyi tinali titamutsekera m'nyumba.

Choncho sabata yoyamba musamate kalikonse. Tsegulani msakatuli, lembani adiresi ya IP ya ESXi iliyonse, mulowe ngati root, pa maseva onse atatu. Pamene pakukana, sinthani pasiwediyo tsopano pamene vCenter ikadali moyo. Onani ngati lockdown mode ndi yoyatsa, chifukwa ikakhala yoyatsa khomo limeneli ndi lotseka. Yesaninso iDRAC ngati maseva ndi a Dell, kapena iLO ngati ndi a HPE, makomo olowera pa seva yeniyeniyo kudzera pa netiweki. Dziwani seva imene vCenter ikukhalapo, ndipo muike lamulo mu DRS loti izikonda kukhala pa seva yomweyo, kuti tsiku la mavuto musamaisake pa maseva atatu. Dziwaninso kuti maseva akakhala mu cluster (gulu la maseva ogwirizana) ya HA, kudziyatsa kwa ma VM kuja kotchedwa autostart sikudalirika, ndiye muyenera kukhala ndi ndondomeko yanu yoyatsira: maswitchi, kenako storage, kenako ESXi, kenako VM ya DNS ndi Active Directory, kenako vCenter, zina zonse pambuyo. Zonsezi, pamodzi ndi pasiwedi ya administrator@vsphere.local, zilembedwe pa pepala lenileni, liikidwe mu envelopu yomata, lisungidwe mu sefa ya abwana.

Pali msampha wina umene umagwira ngakhale akatswiri. Ngati netiweki ya ma VM anu ili pa distributed switch, switch imodzi yogawana maseva onse, ma port ake amagawidwa ndi vCenter. vCenter ikafa, mukabwezeretsa ina kuchokera pa backup, mupeza kuti simungailumikize pa netiweki, poti woti aipatse port ndi iyo yomwe. Mankhwala ake ndi a mphindi ziwiri mukawachita lero: pangani port group imodzi ya mtundu wa ephemeral pa VLAN (chigawo cha netiweki) ya vCenter, muisiye ili chikhalire. Imeneyo ESXi imatha kuigawa yokha.

Mukatero lowani pa tsamba loyang'anira appliance, limene lili pa port 5480. Pamenepa mukumana ndi zinthu zitatu zimene zimalepheretsa zigamba zambiri kuposa china chilichonse. Choyamba ndi pasiwedi ya root ya appliance, imene imatha mphamvu yokha. Mu 7 ndi 8 imatha pakapita masiku 90, ndipo yanuyo, zaka zonsezi, ndingadabwe itakhala ikugwirabe. Chachiwiri ndi malo pa disiki. Zigawo monga /storage/log ndi /storage/seat zimadzaza mwakachetechete, ndipo chigamba chikapeza modzaza chimaima pakati. Chachitatu, chimene ndimachiopa kwambiri, ndi masatifiketi. Satifiketi imene mumaiona pa msakatuli si yokhayo. Mkati muli ina ya STS, yosainira ziphaso zolowera, imene pa ma vCenter ambiri a nthawi ya 6.5 ndi 6.7 inapatsidwa moyo wa zaka ziwiri zokha. Ikatha palibe amene amalowa, ngakhale pasiwedi ili yolondola. VMware inatulutsa kachida kotchedwa checksts.py koonera tsiku lake, ndipo masiku ano kuli vCert yoona onse pamodzi. Muonenso kuti palibe satifiketi yosainidwa ndi njira yakale ya SHA-1, chifukwa vCenter 8 imaikana ndipo kukweza sikuyamba.

DNS ndi nthawi ndizitchule mwachidule, ngakhale zili zofunika chimodzimodzi. Dzina la vCenter lizipereka IP, ndipo IP izipereka dzina. Maseva onse ndi vCenter azitenga nthawi pa seva imodzi ya nthawi (NTP). Kumene magetsi amathimathima, mabatire aang'ono a pa bolodi la seva amatha msanga, ndipo seva imadzuka ili m'chaka china.

Kenako backup, ndipo apa ndichedwepo. Pa tsamba la 5480 lomwelo pali backup ya vCenter yeniyeniyo, imene imatumiza mafayilo kudzera pa njira monga FTPS, HTTPS, NFS kapena SMB, ndipo kuyambira pa 6.7 mutha kuiuza kuti izichita yokha usiku uliwonse. Iziponya mafayilowo pa chinthu chimene sichili mu cluster. Ka NAS kakang'ono (kabokosi kosungira mafayilo pa netiweki), ngakhale kompyuta yakale ya pa desiki yoikidwa Linux, ikwanira. Musunge pambali pake ISO ya mtundu weniweni umene muli nawo, chifukwa pobwezeretsa pamafunika ISO yofanana ndi backup, ndipo tsiku la tsoka si tsiku loyamba kusaka fayilo ya magigabayiti angapo pa intaneti ya ku Ngabu. Kuwonjezera apo, tsiku lomata chigamba, zimitsani vCenter bwinobwino, lowani pa ESXi imene ikukhalapo, tengani snapshot ili yozima, n'kuiyatsanso. Snapshot yotengedwa ili yozima ndi imene ndimaikhulupirira, chifukwa database ya PostgreSQL imene ili mkatimo imakhala itatseka mabuku ake. Zinthu zikayenda bwino muifufute pasanathe maola 72, monga VMware yomwe imalangizira. Snapshot yoiwalika imafufuma ngati chotupa mpaka kudzaza datastore, malo osungira ma VM, ndipo datastore ikadzaza ndi pamene ma VM amaimadi.

Mukafika apa, matani kaye chigamba chomaliza cha 6.7 Update 3. Chimatseka mabowo akuluakulu aja pamene mukukonzekera ulendo wautali, komanso chimakupatsani mpata wozolowera manja pa ntchito yaing'ono. ISO ya chigamba mutha kukaitsitsa ku Blantyre kumene intaneti ili yodekha, n'kutsika nayo Thabwa pa fulashi. Musanaigwiritse ntchito yerekezani checksum yake (nambala yotsimikizira kuti fayilo ndi yathunthu) ndi imene yalembedwa pa tsamba lotsitsira. Fayilo yoduka panjira imaoneka yathunthu ndi maso.

Kukwera kupita pa 8 n'kosiyana ndi chigamba, ndipo kapangidwe kake kayenera kukulimbitsani mtima. Pulogalamu yokwezera sikhudza vCenter yakale. Gawo loyamba imamanga yatsopano pambali, pa IP yongobwereka imene muyenera kuikonzeratu. Gawo lachiwiri imakopera zonse kuchoka ku yakale, kuizimitsa, n'kutenga dzina ndi IP yake. Yakale ija imatsala ili yozima, yosasinthidwa. Zikavuta mumazimitsa yatsopano n'kuyatsa yakale, mwabwerera pamene munali. Chokhacho, musadzaziyatse zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo DRS muiike pa manual kufikira mutatsiriza, kuti isasunthe VM ntchito ili mkati. Kwa inu msinkhu wotchedwa tiny ukwanira. Umanyamula maseva mpaka 10 ndi ma VM 100, ndipo umafuna ma vCPU 2 ndi RAM ya 14 GB. Ikakufunsani zoti ikopere, sankhani makonzedwe okha popanda mbiri yonse ya kagwiridwe ka ntchito. Mbiri ya zaka imatalikitsa gawo lachiwiri, ndipo ola lililonse lowonjezera ndi ola limene magetsi angakuchokereni.

Ndondomeko yake sisintha: vCenter patsogolo, ESXi pambuyo. Koma patsogolo pa vCenter pali pulogalamu ya backup, imene iyenera kukhala ya mtundu wodziwa vSphere 8, apo ayi mudzuka m'mawa mwake muli ndi vCenter yatsopano koma backup itaima. Ma ESXi ndiwo amafuna kudekha. Fufuzani dzina la seva yanu, purosesa yake, khadi la netiweki ndi la madisiki pa Compatibility Guide, mndandanda wa zipangizo zovomerezeka ndi VMware, chifukwa mtundu uliwonse watsopano umataya zipangizo zina zakale, ndipo maseva ogulidwa nthawi ya 6.7 ena amalowa, ena salowa. Gwiritsani ISO yokonzedwa ndi Dell kapena HPE, osati yamba. Ngati ESXi yanu imadzukira pa SD card kapena fulashi, monga unalili mwambo nthawi imeneyo, gulani ka SSD, poti kuyambira pa 7 ESXi imalemba kwambiri pa chodzukira chake ndipo makadi amenewo amafa. Muwerengenso RAM: maseva awiri atha kunyamula katundu wa atatu pamene mmodzi ali mu maintenance mode? Ngati sangathe, ma VM ena azimitsidwe, ndipo limenelo ndi tsiku lofunika kupangana ndi ofesi. Kwezani seva imodzi, muione masiku angapo, kenako ina. VMware Tools ibwere pambuyo pake. Kukweza virtual hardware ya ma VM kukhale komaliza, ndipo ngati palibe chokukakamizani musafulumire nako, chifukwa kubwerera kwake n'kovuta.

Mudzandifunsa kuti, zikadzatha izi, chigamba chilichonse ndizichithamangira? Ayi. Mu Novembala 2021 VMware inachotsa pa tsamba lake ESXi 7.0 Update 3 chifukwa cha zovuta zimene zinagwetsa maseva a anthu, ndipo yokonzedwa inatuluka mu Januwale 2022. Mtundu waukulu watsopano ndimaulola upite kaye kwa ena milungu ingapo. Koma chigamba cha bowo lolola kulowa popanda pasiwedi sindichigoneka kupitirira masiku ochepa. Ndipo mukamata muzibwereranso kukawerenga chilengezocho. CVE-2024-38812 inamatidwa mu Sepitembala 2024, koma mu Okutobala Broadcom, kampani imene inagula VMware, inavomera kuti chigambacho sichinatseke bwino n'kutulutsa china. Amene anamata koyamba n'kuiwala anatsala pa mtetete.

Tsopano za kuchigwa kuno, zimene mabuku a VMware sakuuzani. Tsiku la ntchito yaikulu lisankhidwe ndi kalendala yathu. Kuyambira Januwale mpaka Malichi musakonze zokweza chilichonse chachikulu. Tonse tikukumbukira Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 amene sanabwerere mpaka 2023. Tikukumbukiranso Freddy mu Malichi 2023. Nthawi ngati imeneyo magetsi palibe, msewu wa M1 umaduka, dizilo safika, ndipo munthu wa ku Blantyre amene akanabwera ndi chipangizo sangatsike. Madzi saiwala khwawa. Okutobala ndi Novembala nawonso ndi oipa pa chifukwa china, kutentha kopitirira madigiri 40, pamene makina oziziritsa chipinda akugwira ntchito mosadukiza. Kukweza ESXi kumakankhira katundu wa maseva atatu pa awiri, ndipo awiriwo amatentha koposa masiku onse. Juni ndi Julayi ndiyo miyezi yathu: kwazizirako, msewu ndi wouma. Pewani sabata ya malipiro ndi kutseka mabuku kwa mwezi. Pewaninso Lachisanu madzulo, ngakhale ambiri amalikonda. Zikavuta Lachisanu usiku, amene mungawaimbire onse amakhala atamwazikana. Lachiwiri m'mawa aliyense ali pa foni yake.

Za UPS ndinene mosabisa, chifukwa ndi imene inatipereka usiku uja. Mabatire a lead-acid a mu UPS anapangidwira kutentha kwa madigiri 25, ndipo moyo wake umatsika ndi theka pa madigiri pafupifupi 10 alionse owonjezera. M'chipinda chimene choziziritsa chimazima usiku kapena Loweruka ndi Lamlungu pofuna kupulumutsa mayunitsi, batire ya zaka zinayi imatha m'zaka ziwiri kapena kucheperapo, pamene kagalasi ka UPS kakusonyezabe kuti yadzaza. Tsegulani chitseko chake muone. Batire yofufuma m'mbali, kapena yotuwa pa mitu, yatha kale. Muiyese ndi katundu weniweni, wotchi ili m'manja, tsiku limene mwakonzeka kuti zinthu zitha kuzima. Mpweya wolowa kutsogolo kwa seva uzikhala pakati pa madigiri 18 ndi 27, ndipo kachipangizo koyezera kutentha kopachika pa rack ndi kotsika mtengo kuposa disiki imodzi. Tsiku lomata chigamba kapena lokweza, ine sindidikira kuti ESCOM ithimitse. Ndimapempha kuti jenereta iyatsidwe ntchito isanayambe, chipinda cha maseva chikhale pa jenereta mpaka nditatsiriza, thanki itadzaza, woyang'anira jeneretayo ali pafupi. Malita ochepa a dizilo amenewo muwaike mu bajeti ya ntchitoyi, abwana asainiretu.

Nkhani ya ndalama ndiyo ingasinthe zonse ndanenazi, choncho muifufuze msanga. Broadcom inamaliza kugula VMware mu Novembala 2023, mwezi womwewo umene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Mwezi wotsatira inasiya kugulitsa malaisensi ogula kamodzi, n'kuyamba olipira chaka ndi chaka, owerengera ma core a purosesa. Kiyi wa laisensi ya 6 sagwira pa 8, ndipo kuti mupatsidwe watsopano pamafunika mgwirizano wa chisamaliro umene ukugwira ntchito. Kuyambira mu Epulo 2025 ngakhale kutsitsa zigamba kuchokera pa maseva a Broadcom kumafuna token ya kasitomala. Ndiye funsani ku akaunti kuti laisensi inagulidwa m'dzina la yani, kudzera kwa yani, ndipo imelo yolowera ndi ya yani. Kawirikawiri mupeza kuti ndi ya munthu amene anachoka uja. Mukalandira mtengo watsopano, wa madola amene ngakhale banki ivutika kukupezerani, mukhale pansi ndi abwana muone ngati bungwe la maseva atatu likufunikadi VMware. Proxmox VE, yopangidwa ku Vienna, ilibe laisensi yokakamiza, ndipo kuyambira 2024 ili ndi chida chokokera ma VM kuchoka pa ESXi mwachindunji. Ilibenso seva yapadera yoyang'anira zinzake: mumalowa pa seva iliyonse ya mu cluster n'kuona zonse, chinthu chimene chimathandiza kwambiri kumene zinthu zimazimazima. Palinso XCP-ng ndi Xen Orchestra, komanso Hyper-V ngati muli kale ndi malaisensi a Windows Server. Ine kwa bungwe la msinkhu wanu ndimapendekera ku Proxmox, koma ndi ntchito ya miyezi, yoyamba ndi kuyeserera pa kompyuta yakale, ndipo si chifukwa chosiyira vCenter ili pululu pakali pano.

Chimene mungachite popanda kulipira tambala ndi kubisa makomo. vCenter, ma ESXi, iDRAC ndi iLO zikhale pa VLAN yawoyawo, yofikirika ndi kompyuta yanu yokha ndi seva ya backup. Wi-Fi ya alendo ndi malaputopu a muofesi zisazione n'komwe. Zimitsani SLP (OpenSLP ija) ndi SSH (khomo lolembera malamulo muli kutali) pa ma ESXi. Ngati ma ESXi analumikizidwa ku Active Directory, achotseni. Mu 2024 Microsoft inaulula kuti magulu ofuna dipo ankangopanga gulu lotchedwa ESX Admins mu Active Directory, ndipo ESXi inkapereka ulamuliro wonse kwa aliyense wa m'gulu la dzina limenelo. Imeneyo ndi CVE-2024-37085. Seva ya backup nayo isakhale pa domain, ndipo kope limodzi la ma VM lizikhala pa disiki yochotsa, yosalumikizidwa ku chilichonse. Disikiyo isagone m'kabati ya pansi m'chipinda chomwecho. Izikwera Thabwa ndi galimoto ya bungwe sabata iliyonse, ina n'kutsika.

Lolemba likubwerali, achemwali, chitani chinthu chimodzi chokha: lowani pa ma ESXi onse atatu ngati root, popanda kudzera pa vCenter. Mukatero mundilembere build number ya vCenter ndi ya ESXi, dzina ndi mtundu wa maseva, tsiku limene satifiketi ya STS ikutha, ndi mphindi zimene UPS yanu yapirira mutaiyesa, kuti tisankhe limodzi tsiku la mu Juni.